Makalata a omvera: Mlonda wa pasukulu mumamudziwa?

Takulandiraninso omvera athu ku Nkhotakota konse kuno. Sabata ino makalata achuluka ngati usipa wa pa Chia.

Bambo a ku Dwangwa, nyimbo yanu ija tiyimba Loweruka. Pepani, musataye wailesi.

Koma kalata yomwe yandisowetsa tulo ndi ya mayi a ku Benga. Akuti: "Pasukulu ya mwana wanga alemba mlonda watsopano. Tamva kuti komwe anachokera anamuthamangitsa chifukwa chovutitsa atsikana. Nditafunsa akomiti, anati ndikuipitsa mbiri ya munthu."

Mayi, simunalakwe. Inu akomiti, tamverani. Mukamagula mbuzi pamsika mumaitembenuza uku ndi uku, mpaka kufunsa kalata ya amfumu. Nanga munthu wosunga makiyi a sukulu mumangomulemba chifukwa ndi mlamu wa apampando? Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma kalumo komweko kamachekanso.

Muuzeni mlondayo abweretse kalata ya kupolisi, ija amatenga zidindo za zala. Komatu kalatayo imangoonetsa milandu imene inafika kuboma. Ija inathera pabwalo ndi nkhuku ziwiri simuipezamo. N'chifukwa chake muyimbirenso foni ahedi a komwe ankagwira ntchito, mufunsenso amfumu akwawo. Ndipo si mlonda yekha ayi: wophika phala, mphunzitsi wongodzipereka, wophunzitsa mpira, onsewo.

Kalata yachitatu iyi mwezi uno pa nkhani imodzimodzi, ndiye ndiloleni ndilalikire pang'ono. Chizolowezi chongosamutsa mphunzitsi amene wapereka mimba kwa mwana chimandinyansa. Inu akuluakulu a maphunziro, mwamuchotsa ku Mwansambo mwamuika ku Nkhunga, ngati kumeneko kulibe ana! Chichokereni 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atatha msinkhu. Imeneyi ndi nkhani ya ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, osati yokambirana kuseri kwa ofesi.

Mayi, pitani ndi a mother group kwa ahedi. Akakuzembani, kaonaneni ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu. Ngati pali mwana amene wadandaula kale, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Koma musakamuyimbire munthuyo nyimbo pachitsime musanapeze umboni, mungadzalipe ndinu.

Achimwene a ku Linga, mukuti akazi anu amamvera pulogalamu ino mpaka kupsereza ndiwo. Aphike msanga, timayamba 7 koloko.