Makalata a omvera: mwana ali ku Havana, agogo ali okha

Moni nonse anzanga omvera, kulikonse komwe mawu angawa akukupezani. Thumba la makalata sabata ino lakana kutseka, ndipo wolakwa ndine. Sabata yatha ndinangokhudza pang'ono za Cuba, chilumba cha ku Caribbean chimene magetsi ake akhala akuzima dziko lonse nthawi imodzi, ndiye makalata agwa ngati mango a mu Disembala. Tiyambe ndi afupiafupi.

Bambo wina wa ku Balaka akufunsa ngati Cuba ndi Haiti ndi dziko limodzi. Ayi bambo, ndi oyandikana chabe, pakati pali nyanja. Haiti ali pa chilumba china chimene amagawana ndi Dominican Republic, ndipo mavuto ake tidzawapatsa tsiku lawolawo.

Mtsikana wa ku Ndirande akuti, "Ngati magetsi akuzima tsiku lonse, mpira amaonera bwanji?" Mwanawe, kumeneko masewera a pamtima ndi baseball. Komanso funso limeneli munthu wa ku Ndirande sayenera kufunsa, yankho lake mukulidziwa kuposa ine.

Tsopano ndikupempheni mukhale pansi, pakuti kalata iyi ndaiwerenga katatu ndisanabwere nayo kuno. Yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba.

"Okondedwa aulutsi, ine ndine mayi wamasiye, ndimagulitsa kaunjika. Mwana wanga wamwamuna anapeza mwayi wa maphunziro a udokotala ku Havana, likulu la Cuba, ndipo ali chaka chachinayi. Zaka zonsezi akaimba amangoti ndili bwino amayi. Mwezi watha anandiimbira pa vidiyo, ndinamuona akupemerera mbaula pakhonde la nyumba yosanja, pambali pake pali agogo ena aakazi. Nditamupanikiza anaulula. Akuti ana a sukulu ya udokotala amawatuma kuyenda khomo ndi khomo kufufuza odwala malungo a dengue, ndipo m'menemo ndi momwe anawapezera agogowo ali okhaokha. Anali aphunzitsi, anapuma ntchito. Ana awo awiri anachoka mu 2022 kudzera ku Nicaragua. Penshoni yawo siikwana kugula thireyi imodzi ya mazira. Tsono mwana wangayo Lamulungu lililonse amapita kukawaimira pamzere, kuwatungira madzi, ndipo ndamva kuti kandalama kamene ndimamutumizira amagawana nawo. Aulutsi, ine ndimagona ndi njala kuti kandalamako kapezeke. Mtima wandiwawa. Ndinatumiza mwana kuti akakhale dokotala, osati wopemerera makala a eni. Kodi ndimuuze abwereko? Kodi ndikulakwa kudandaula?"

Mayi, choyamba, simukulakwa. Ndalama ya kaunjika timaidziwa. Imabwera ndi dzuwa la pamutu, fumbi la pamsika, ndi makasitomala onenerera mtengo ngati katundu wanu ndi wawo. Kumva kuti ikudyedwa ndi munthu amene simunamuonepo kumapweteka, ndipo amene angakusekeni sanatumizeko mwana kutali.

Koma ndiloleni ndikufotokozereni khomo limene mwana wanu anagogodalo. Ku Cuba banja lililonse lili ndi kabuku ka chakudya kotchedwa libreta. Kanayamba mu 1962. Umapita nako ku sitolo ya boma ya m'dera lako, imene amati bodega, n'kukatenga mpunga, shuga, nyemba, mafuta ophikira ndi buledi pa mtengo wotsika. Agogo amenewo akulira pa kabukuko moyo wawo wonse. Lero zinthuzo zimabwera mochedwa, zina theka, zina osabwera n'komwe. Mu Seputembala 2024 kabanzi ka tsiku ka munthu mmodzi anakachepetsa kuchoka pa magalamu 80 kufika pa 60, kongokwana m'chikhatho. Chaka chomwecho boma linachita kupempha bungwe la WFP kuti lithandize ndi mkaka wa ufa wa ana osakwana zaka 7, chinthu chimene linali lisanachitepo.

Za maziratu mwana wanu sananame. Penshoni yotsikitsitsa inali mapeso 1,528 pamwezi (peso ndi ndalama ya kumeneko), pamene thireyi ya mazira 30 m'masitolo a anthu wamba inkafika cha m'ma 3,000. Mu Seputembala 2025 anaikweza kufika pa 3,056. Ndiye kuti pa mtengo umenewo mphunzitsi amene anagwira choko zaka makumi atatu angathe kugula dzira limodzi patsiku, koma asaganize za mchere. Chinavuta n'chiyani? Mu Januwale 2021 boma linasintha kayendetsedwe ka ndalama n'kuika dola imodzi pa mapeso 24. Pofika 2024, pamsika wamseri dola yomweyo inkagulidwa ndi mapeso oposa 300. Ife amene tinagona ndi kwacha ina mu Novembala 2023 n'kudzuka ndi ina yochepa mphamvu ndi 44 peresenti, tikudziwa kuti shuga amakwera usiku womwewo koma malipiro amabwera pansi wapansi. Kumeneko zinthu zabwino zili m'masitolo ogulitsa pa madola. Amene ali ndi mwana ku Miami, ku Amereka, wokumbuka kwawo amadya nkhuku. Amene alibe amangoona pawindo.

Nanga mbaula mumzinda waukulu? Makina awo opangira magetsi ndi okalamba, ambiri apitirira zaka 40, ndipo amayendera mafuta amene dziko likulephera kugula. Pa 18 Okutobala 2024 siteshoni yaikulu ya Antonio Guiteras ku Matanzas inaima, chilumba chonse n'kuti bii. Asanapume, namondwe Rafael pa 6 Novembala anadzazimitsanso dziko lonse. M'madera a kunja kwa Havana kukhala maola 20 mumdima si nkhani. Eni akewo, pokhala anthu anthabwala, amati masiku ano sawerenganso nthawi yozima, amawerenga nthawi yoyaka, ndipo anaipatsa dzina, alumbrón. Magetsi akabwera 2 koloko usiku, nyumba yonse imadzuka: wina kuphika mpunga, wina kusita, wina kutchaja foni. Akapita, mapampu a madzi amaima, kankhuku ka mufiriji kamayamba kununkha, udzudzu n'kuyamba phwando. Tsono taganizani agogo okhala m'nyumba ya m'mwamba, chidebe cha madzi chili pansi pa masitepe. Akwera nacho ndani?

Apa ndi pamene kalatayi yandigwira pakhosi. Chiyambire 2021 anthu oposa miliyoni imodzi achoka ku Cuba, ndipo chiwerengero cha dziko chatsika pansi pa mamiliyoni 10. Nicaragua itachotsa lamulo la viza kwa anthu a ku Cuba mu Novembala 2021, anthu anagulitsa nyumba, njinga zamoto, chilichonse, kuti apeze tikiti, n'kumayenda pamtunda mpaka kumalire a Amereka. Ochoka ndi achinyamata. Otsala ndi agogo, ndipo lero pa anthu anayi alionse m'dzikomo, mmodzi ali ndi zaka 60 kapena kuposa. Agogo onga amene mwana wanu anawapezawo ali m'nyumba zikwizikwi.

Mukuti munatumiza mwana kuti akakhale dokotala. Mayi, ndikudzudzuleni pang'ono mwaulemu. Mnyamata amene anatumidwa kukafunsa za malungo, n'kuona kuti matenda enieni a m'nyumbamo ndi njala ndi kusungulumwa, n'kubwereranso Lamulungu popanda womutuma, ameneyo udokotala wamulowa kale. Tonse tinakumanapo ndi ovala zoyera amene amalemba mankhwala osakweza n'komwe mutu kuti aone nkhope ya wodwala. Wanuyo sadzakhala wotero, ndipo mtimawo sanautole ku Havana, anachoka nawo m'nyumba mwanu. Paja akulu anati kupatsa n'kuika.

Zomuitanitsa, ine ndikuti ayi. Munthu wafika chaka chachinayi, wawoloka kale pakuya. Koma za ndalama musameze. Muuzeni mosabisa mmene mumaipezera. Iye amakubisirani kuti akuvutika, inu mumamubisira kuti mukugona ndi njala, aliyense akuti ndikuteteza mnzanga, mapeto ake nonse mukuwonda. Gwirizanani kuti agogo awathandize ndi miyendo ndi manja, ndipo pa chakudya ayambe wadya yekha, pakuti dokotala wokomoka m'wodi sathandiza munthu. Akamalephera kuimba musafulumire kukwiya. Intaneti kumeneko inakwera mtengo koopsa mu Meyi 2025 mpaka ophunzira a pa yunivesite ya Havana anadandaula poyera, komanso nthawi yawo ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 6 kapena 7. Ndipo tsiku lina mupemphe akupatseni agogowo pa foni. Chisipanishi simudziwa, iwo Chichewa sadziwa, koma azimayi awiri amene ana awo ali kutsidya la nyanja sasowa womasulira.

Ndimwe madzi pang'ono.

Makalata awiri awa ndiwaphatikiza, pakuti eni ake akanakumana bwenzi pali nkhonya. Achimwene a ku Lusaka akuti, "Musazungulire, zonsezi ndi Amereka." Achimwene ena a ku Johannesburg akuti, "Ndi chikomyunizimu basi, adzipha okha." Achimwene a ku Lusaka, mbali yanu ilipo. Chiletso cha malonda chimene Amereka anaika mu 1962 chikadalipo, ndipo kuikidwa kwa Cuba pa mndandanda wa Amereka wa mayiko othandiza uchigawenga mu Januwale 2021 kunachititsa mabanki ambiri kuopa kugwira ndalama za Cuba. Onjezani mafuta a ku Venezuela amene anachepa, ndi alendo odzaona malo amene anali oposa mamiliyoni 4 mu 2019 koma mu 2024 anangopitirira pang'ono mamiliyoni 2. Koma mundiuze, dziko limene m'zaka za m'ma 1980 linkapanga shuga wokwana matani mamiliyoni 8 pachaka, lero osafika ngakhale theka la miliyoni mpaka kumagula shuga kunja, nzimbezo anazula ndi Amereka? Nanga mahotela atsopano omangidwa pamene makina a magetsi akuchita dzimbiri? Nanga anthu mazanamazana amene anamangidwa atachita zionetsero pa 11 Julayi 2021? Inunso a ku Johannesburg musaseke kwambiri. Dziko limene mukukhalamolo lili ndi ngongole kwa anthu amenewa, ana awo anafera ku Angola pa nkhondo yolimbana ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo Mandela atatuluka m'ndende anapita mwini wake ku Cuba mu 1991 kukathokoza. Anthu a ku Santiago de Cuba atatuluka mumsewu mu Malichi 2024 sankafuula za Marx kapena Washington. Ankafuula mawu awiri, magetsi ndi chakudya.

Tsopano pali mulu uwu. Makalata asanu ndi awiri, ochokera ku Mzimba, Mangochi, Ntcheu, Chipata, ndipo onse akuyamba ndi Cuba n'kuthera pakhomo pawo: mwana wanga ali ku Joni, mwana wanga ali ku Leeds, chaka chatha osamva mawu ake. Inu ana muli kunjaku, ndikudziwa mukumvera pa intaneti. Zithunzi pa Facebook mukuika, tsiku lililonse malaya atsopano, koma mphindi ziwiri zoti amayi mwadzuka bwanji zikukukanikani? Ngati ndalama palibe, nenani kuti palibe. Mayi ako amatha kupirira thumba lopanda kanthu, chimene chimawadwalitsa ndi kusadziwa ngati uli moyo. Ndikulankhula ngati wolakwa mnzanu. Ine ndinakhala m'tauni muno miyezi isanu ndi itatu osapita kumudzi chifukwa cha manyazi oti ndilibe chonyamula, ndipo nditafika ndinapeza denga la amayi lafoleredwa ndi mwana wa eni. Anandilandira bwino, koma nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Nanunso makolo, musandiombere m'manja msanga. Ena mwa inu foni ikangolira, moni musanamalize mwayamba kale: fetereza, fizi ya mng'ono wako, malata, chopereka cha kumpingo. Mwanayo amayamba kuopa nambala yanu ngati ya wokongoza katapila. Muzimuimbirako nthawi zina kungomuuza kuti mbuzi yaswa awiri.

Mnyamata woyendetsa kabaza ku Lilongwe akufunsa ngati n'zoona kuti ku Havana kukuyendabe galimoto za m'ma 1950. N'zoona, ndipo zambiri ndi mataxi, mkati muli injini za galimoto zina. Koma mu Malichi 2024 petulo anakwera kuchoka pa mapeso 25 kufika pa 132 pa lita, ndiye ambiri akuthamangira njinga zamoto zoyendera batire. Zotchajira zake, funsani mtsikana wa ku Ndirande uja.

Mayi wa ku Tete akuti tiziphunzirako mwambo wa anthu a ku Cuba wa pamzere, woti ukafika umangofunsa womaliza ndani, n'kukakhala pamthunzi podziwa amene ukumutsatira. Mayi, mwanena zoona, koma kwathu kuno womalizayo ukabwerako wasanduka anthu asanu ndi azilamu awo.

Yomaliza yachokera kwa agogo ena aamuna a ku Nkhotakota. Akuti, "Mwana wanga, umalankhulitsa. Sabata yatha batire la wailesi linatha usanafike pa kalata yanga." Pepani agogo, lero ndafikapo, ngakhale ndikuona kuti funso lenilenilo munaiwala kulemba. Tumizaninso, ndidzayamba ndi inu.