Makalata a Omvera: Chipande cha ku Sydney, Ngongole za ku Bradford

Tabweranso omvera. Sabata yatha ndinafunsa ngati alipo pakati panu amene timu yake imamudwalitsa mutu chaka ndi chaka koma osaisiya. Ine ndimayesa mundilembera za mpira wamiyendo. Ayi ndithu, makalata oyamba kufika ndi a rugby league, ochokera kwa abale athu okhala kunja. Tiyambe ndi bambo ena a ku Campbelltown, mumzinda wa Sydney.

"Achimwene, ine ndimachemerera Wests Tigers. Ndinafika kuno mu 2005, chaka chimene timuyi inatenga chikho cha NRL, ligi yaikulu ya kuno ku Australia, itagonjetsa North Queensland Cowboys 30-16. Anzanga a kuntchito ananditengera kubala kukaonera, ine malamulo osawadziwa n'komwe. Ndinangoona kamnyamata, Benji Marshall, kakuliyatsa liwiro, kenako kakuponya mpira chakumsana osacheuka, Pat Richards n'kuwakha n'kukachinya. Bala yonse inadumpha, mowa wa eni ake kuthera m'malaya mwanga. Ndinati basi, timu yanga ndi imeneyi.

"Chichokereni 2011 sitinalowenso m'ndime ya chipulula. Mu 2022, 2023 ndi 2024 tinamaliza kumchira, zaka zitatu zotsatizana. Koma chondiwawa kwambiri ndi cha 2023. Mwezi wa May tinaswa Cowboys 66-18 pa bwalo lathu la Leichhardt Oval, ine ndili pompo pakapinga wa pachitunda paja, kukuwa mpaka mawu kusasa. Itangopita milungu isanu ndi umodzi, omwewo anatibwezera 74-0 kwawo ku Townsville. Ndinazimitsa TV masewera asanathe n'kutuluka kukatsuka galimoto usiku, m'nyengo yozizira. Tsopano mwana wanga wa zaka 11 akuti ndimugulire jezi ya timu ina, ya Penrith. Ndimugulire?"

Pepani bambo. Omvera ena mwina simunamve kulemera kwa 74-0. Pamasewerawa, munthu akadutsa ndi mpira n'kuugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani amapeza mapointi anayi, wina akaumenya n'kudutsa pakati pa mitengo awonjezera awiri. Werengani nokha. Anthu analowa m'nyumba mwa bambowa maulendo oposa khumi, iwo osaponda pakhonde la eni ake ngakhale kamodzi. Ndipo kumeneko timu yomaliza pa ligi amati yalandira wooden spoon, ife tingoti chipande. Bambo ali nazo zitatu, zokwanira kuomolera nsima pamaliro.

Za mwanayo musamuimbe mlandu. Penrith inatenga chikho kanayi motsatizana, 2021 mpaka 2024. Chiyambireni kuzindikira, iye wangoona timu imodzi ikuvina ndi ina ikulira. Ndipo mbola yake ili apa: mphunzitsi wa Penrith, Ivan Cleary, anali wanu mu 2017 ndi 2018 asanabwerere kumeneko. Wosewera James Tedesco munalera nokha, anapita ku timu ya Roosters n'kukatenga zikho. Mitchell Moses anapita ku Parramatta. Maganizo anga ndi akuti nthenda ya Tigers ndi imeneyo, kuweta nkhuku n'kumaona mazira akudyedwa kwa aneba. Aphunzitsi mwasintha kangapo, koma mphunzitsi angatani ngati mwana aliyense wamaluso akuyang'ana pakhomo? Enanso amati banja lenilenilo linamangidwa movuta, poti timuyi inabadwa mu 1999 pophatikiza matimu a Balmain ndi Western Suburbs, aliyense ndi bwalo lake ndi anthu ake.

Jeziyo mugulireni, asadane ndi masewerawa chifukwa cha inu. Koma mumuuze kuti Jarome Luai, mmodzi wa amene anamanga Penrith yomwe akuikondayo, anasamukira ku Tigers mu 2025, ndipo chaka chimenecho chipande chinapita ku timu ya Newcastle. Kenako mumutengere ku Leichhardt Lamulungu masana. Akakabwerako akufunabe Penrith, ndiye kuti mwaluza mwachilungamo.

Yachiwiri yachokera kwa mayi ena a ku Bradford, ku England.

"Mlongo wanga, ine rugby sindinkaifuna. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira ndi omwe anandilowetsa. Tsiku lililonse ndikawapatsa tiyi, nkhani inali imodzi: anali mnyamata pa bwalo la Odsal kuno ku Bradford mu 1954, m'gulu la anthu 102,569 omwe anadzaonera matimu a Warrington ndi Halifax akulimbana. Timu yawo inali Bradford Bulls, akatswiri a Super League, ligi yaikulu ya kuno ku England, mu 1997, 2001, 2003 ndi 2005. Ine ndinaipeza itayamba kudwala. Mu 2012 ochemerera anapemphedwa kusonkha ndalama kuti timu isafe. Agogowo anandituma kukatenga envulopu m'dirowa ya masokosi, ya penshoni yawo. Ndalama zinasonkhedwa zambiri ndithu, koma ngongole zinaposa. Mu 2014 tinatuluka mu Super League. Mu January 2017 kampani ya timuyo inathetsedwa. Tsiku limenelo agogo sanadye, anangovala sikafu yawo yofiira, yachikasu ndi yakuda n'kukhala pawindo. Timu yatsopano inayamba ligi italandidwa mapointi 12 isanagwire mpira, n'kutsikiranso ligi yachitatu. Agogo anatisiya timu isanadzuke. Sikafuyo ana awo anandipatsa ine, ndipo ndimapita nayo kubwalo, mvula kaya chisanu."

Mayi, ndinaiwerenga kawiri kalata yanuyi ndisanalowe mu situdiyo. Bambo a ku Campbelltown, mwamva? Inu mukudandaula chipande, koma Lamulungu lililonse timu yanu imakhalapo yoti muitukwane. Anzanuwa anadzuka m'mawa n'kupeza timu kulibe. Ndipo simukudziwana, koma matimu anu anakumanapo: kumayambiriro kwa 2006, akatswiri a ku England ndi a ku Australia atalimbana ku Huddersfield, Bradford inakwapula Wests Tigers 30-10. Usiku umenewo ndani akanati onse awiri adzakhala m'makalata a madandaulo pawailesi?

Chimene chinagwetsa Bradford si osewera kugwetsa mpira ayi, ndi ndalama zotuluka kuposa zolowa. Masewerawa ndi a m'matauni a kumpoto kwa England, kumene anayambira mu 1895, ndipo matimu ambiri kumeneko amayenda ndi thumba lopyapyala. Chondinyansa ine n'chakuti zinthu zikavuta, chipewa chopemphera chimapita kwa anthu ngati agogo aja, omwe sanasainepo chikalata cha ngongole ngakhale chimodzi. Komabe mayi, nkhani yoti Bradford yapatsidwanso malo mu Super League ya 2026 munaimva. Tsiku loyamba pa Odsal mukavale sikafuyo, ndipo mudzatilembere kuti munalira kapena ayi.

Yomaliza ndi yaifupi, ya achimwene ena a ku Dedza. Akuti: "Mpira wake wooneka ngati papaya umenewo, anthu akuluakulu kumagwetsana m'matope, mukutitayira nthawi bwanji?" Achimwene, timu iliyonse imakhala ndi anthu 13, ndipo ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi imapereka mpira kwa adani. Zina zonse mudzazimva mukaonera kamodzi. Koma inu simunayankhe funso langa. Timu yanu ndi iti, ndipo chikho inachiona liti? Tilembereni. Tipume kaye pang'ono.