Alamu, tiyeni timusiyitse botolo mwanayu

Alamu, mwaswera bwanji? Ngati Amayi ali pafupi aitaneni amvere nawo, nkhaniyi ikuwakhudza. Ndangoweruka kumene kuntchito, ndiye ndati ndingojambula mawu.

Ndaona chithunzi munatumiza chija, mwana ali m'tulo botolo lili kukamwa. Mwanayu watha chaka ndi miyezi 2, botolo lakwana nthawi yake. Madokotala a ana amati mwana ayambe kuphunzira kapu ali ndi miyezi 6, akakwana chaka ayambe kusiya botolo, pofika miyezi 18 likhale litachokeratu. Simunachedwe ayi, koma tisadikirenso. Bere lokha musamuletse, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 ngakhale kupitirira. Ine ndikunena botolo basi.

Limene likundidetsa nkhawa kwambiri ndi lausikulo. Mkaka uli ndi shuga wakewake ngakhale inu musathiremo. Mwana akagona malovu amachepa m'kamwa, ndiye mkaka uja umangokhala pamano usiku wonse, tizilombo ta m'kamwa n'kumadya shugayo, mano n'kuyamba kuola. Mawa kukacha mutulutseni panja powala, mutukule mlomo wake wam'mwamba, muyang'ane mano anayi akutsogolo, cham'mphepete mwa nkhama. Mukaona timizere toyera ngati choko, kuola kumayambira pamenepo, kenako pamadzada. Ena amati si kanthu, manowo adzaguluka. Inde adzaguluka, koma akumbuyo amakhala mpaka mwana atafika zaka 10 kapena 12, ndipo ndi amene amasungira malo mano aukulu. Komanso dzino likamapweteka mwana sadya, sagona.

Chinanso, munkadandaula kuti chakudya akukana. Akana bwanji wopanda kukhuta mkaka? Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri, mwana akamangodalira umenewo magazi amachepa. Pamsinkhu wakewu, theka la lita patsiku ndi wokwanira, kwinako adye. Za kamphira ka botolo mukudziwa kale mmene kamavutira kutsuka, ndipo litsiro likabisala mkatimo ndiye kutsegula m'mimba kuja.

Tsopano kachitidwe kake. Pezani kakapu kakang'ono kapulasitiki, kopanda chivindikiro. Thiranimo madzi abwino pang'ono chabe, ongophimba pansi. Mukhazikeni tsonga pamiyendo panu, inu mugwire kapu, muipendeke mpaka madzi akhudze mlomo, kenako mudikire amwe yekha. Musamuthire m'kamwa, angatsamwe. Adzataya, malaya adzanyowa, mwina adzalowetsamo dzanja, musamukalipire, kuphunzira kwake n'komweko. Nanunso muzimwera m'kapu iye akuona, ana amakonda kutengera. Makapu achivindikiro aja mukafuna kugula, muyambe mwaizondotsa. Ikapanda kudontha ndiye kuti mwana ayenera kuyamwa kuti madzi atuluke, limenelo ndi botolo lomwe lija. Musankhe yodontha.

Musachotse mabotolo onse tsiku limodzi. Yambani ndi lamasana, chifukwa nthawi imeneyo amakhala wotanganidwa ndi kusewera. Mkaka womwewo muikeni m'kapu pa nthawi ya chakudya. Akazolowera, mwina pakatha sabata, chotsani lam'mawa. Lausiku likhale lomaliza poti ndi limene amagonera. Mumupatse mkaka m'kapu asanayambe kusinza, mumutsuke mano ndi kamswachi kofewa, mankhwala otsukira mano muike pang'ono kwambiri, ongopaka, kenako mumunyamule, mumuimbire mpaka agone. Akavutitsitsa, m'botolomo muike madzi okha. Juwisi ayi, tiyi ayi, shuga ayi. Ambiri akaona kuti mukungokhala madzi amalitaya okha. Mabotolo enawo muwabise, asamawaone pambale.

Amayi, apa ndikupempha inu. Ndikudziwa kuti mdzukulu wanu akalira mtima wanu supirira. Adzalira ndithu masiku oyambirira, koma si njala, akufuna chimene anazolowera. Alamu akakana inu n'kukamupatsa mobisa, mwana adzaphunzira kuti akalira kwambiri botolo limabwera, ndiye kulirako kudzawonjezeka. Munyamuleni, mumutonthoze mmene munkatitonthozera ife, botolo lokha ayi. Achimwene muwauzenso zomwezi, m'nyumbamo mawu akhale amodzi.

Akakhala kuti akudwala, kapena muli paulendo, dikirani kaye achire, mukhazikike. Mukayamba, muziyang'ana matewera. Akamanyowetsa monga mwa masiku onse, ndiye kuti akumwa mokwanira. Mkodzo ukachepa kapena kuda kwambiri, mwana n'kufooka, musazengereze, pitani naye kuchipatala. Tsiku la sikelo likakwana muwauze kuti mwayamba kumusiyitsa botolo, aone ngati thupi silikutsika, ndipo timizere toyera tija mukatiwona muwaonetse.

Mawa mukamuyang'ana mano munditumizire chithunzi ndione nawo. Ndiimba Lamlungu madzulo. Moni kwa onse kunyumbako.