Module ya ng'oma zamagetsi: yang'anani kumbuyo kwa bokosi musanalipire

Mapadi (timbale timene mumamenya m'malo mwa ng'oma) muli nawo, ndodo zilipo, koma mukamenya mukungomva phu, phu basi. Chikusowa ndi kabokosi kotchedwa module. Padi payokha ilibe mawu. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kotchedwa piezo, kamene kamatumiza timagetsi tochepa mukamenya. Module imalandira timagetsito n'kutulutsa kulira kwa snare, kick kapena cymbal.

Opanga amakonda kulemba pabokosi kuti muli mawu mazanamazana. Zimenezo zisakukopeni, mudzagwiritsa ntchito ochepa chabe. Funso lenileni ndi lakuti, kodi module imeneyi igwirizana ndi mapadi anuwo?

Tembenuzani muone kumbuyo. Ma module ena ali ndi bowo lake la padi iliyonse. Ena, monga Alesis Nitro, Roland TD-07 ndi TD-17, ali ndi soketi imodzi yaitali ya mano 25 momwe mumalowa mtolo wonse wa zingwe. Mukamagula yogwirapo kale ntchito, musachoke popanda mtolo umenewu ndi adaputala yake ya magetsi. Mtolo wa kampani ina ukhoza kulowa bwinobwino, koma mawaya ake mkati anawalumikiza mosiyana.

Tsopano taonani mapulagi a zingwe za mapadi, alipo a mitundu iwiri. Ina ili ndi mzere wakuda umodzi, imanyamula mawu amodzi. Inayo ili ndi mizere iwiri, ndiye imasiyanitsa pakati pa snare ndi m'mphepete mwake. Padi yanu ikhoza kukhala ya mbali ziwiri, koma ngati bowo la module limamva mbali imodzi, rimshot, kulira kwa m'mphepeteko, muiwale.

Pamene anthu ambiri amalirira ndi pa pedulo ya hi-hat, ma cymbal awiri aja otseka ndi kutsegula ndi phazi. Zotchipa zina zimangodziwa kutseka ndi kutsegula, pakati palibe. Komanso makampani sagwirizana kapangidwe: pedulo ya Yamaha pa module ya Roland musayembekezere kuti ingogwira. Ride (cymbal yaikulu ija) ya mbali zitatu nayonso, Roland amagwiritsa ntchito zingwe ziwiri pomwe Yamaha chimodzi chokha. Ineyo ndimati pedulo ndi module zikhale za kampani imodzi, mapadi a ma tom mukhoza kusakaniza.

Kenako lowani mu menyu mufufuze sensitivity (momwe padi imamvera kumenya), threshold (mphamvu yochepetsetsa imene module imavomera), crosstalk ndi retrigger cancel. Crosstalk ndi ija mumamenya tom, crash n'kulira yokha chifukwa kugwedezeka kwadutsa m'zitsulo za stand. Retrigger ndi pomwe mwamenya kamodzi koma kwalira kawiri. Module yosakulolani kukonza zimenezi padi iliyonse payokha idzakutopetsani, ngakhale mawu ake akome chotani.

Nanga mawu akakhala osakoma? Apa m'pamene mungapulumutse ndalama. Ngati module ili ndi USB MIDI (njira yotumizira uthenga wa kamenyedwe kanu ku kompyuta), ilumikizeni ku kompyuta, mawu muzitenga ku pulogalamu monga EZdrummer kapena Addictive Drums, kapenanso MT Power Drum Kit 2 yomwe ndi yaulere. Alipo mabokosi ena, monga ddrum DDTi, opanda mawu n'komwe, ntchito yake kungosandutsa kumenya kwanu kukhala MIDI. Koma dziwani kuti kompyuta imachedwetsako mawu. Kuchedwako kukapitirira mamilisekondi 10 manja amayamba kukumva, ndiye pa Windows mufunika ASIO driver (pulogalamu yochepetsa kuchedwako), mwinanso audio interface (kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu a kompyuta). Woimba pa siteji amene safuna kunyamula laputopu, njira iyi si yake.

Mukapeza mpata woyesa, tengani padi yanu ndi mahedifoni anu. Menyani snare pang'onopang'ono kwambiri, mumve ngati ikugwira timawu tapansipansi tija. Kenako pangani roll, kumenya mofulumira motsatizana, muyambe mofewa mpaka mwamphamvu. MIDI ili ndi masitepe 127 a mphamvu ya kamenyedwe, koma module yotchipa ikhoza kukhala ndi mawu ojambulidwa amodzi kapena awiri okha pa snare yonse. Mukamva tatatata yofanana ngati mfuti, yesani kit (gulu la mawu a ng'oma) ina mu module yomweyo. Zikamveka chimodzimodzi pa ma kit onse, ibwezeni pa shelefu muyese ina.