Kwa inu amene muli ndi ana ku Joni: ntchito za ofesi ya kazembe

Ndakulonjerani nonse omvera, makamaka inu a ku Chipoka, ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Khombedza, kumene masiku ano n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana amene ali ku Joni. Madzulo ano tikambirana za ofesi ya kazembe wa dziko lathu ku South Africa, chifukwa mafunso amene mwakhala mukutumiza akuonetsa kuti ambirife timaiyembekezera kuchita zimene si ntchito yake, pamene zimene ingatithandizedi sitikuzidziwa.

Dziko la Malawi lili ndi ofesi yaikulu ya kazembe ku Pretoria, ndi ina ku Johannesburg imene imathandiza nzika zathu pa nkhani za mapepala. Ofesi zimenezi ndi za boma la Malawi, choncho mphamvu zake zimathera pa mapepala a Malawi basi. Chilolezo chokhala kapena kugwira ntchito ku South Africa chimaperekedwa ndi eni dzikolo kudzera ku Home Affairs, nthambi yawo yoona za m'dziko. Mmalawi amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku 30, ndipo masikuwo akatha, palibe kazembe amene angawaonjezere. Chiyambire chaka cha 2014, munthu wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka 5. Inu makolo, mwana akakuuzani pa foni kuti wapeza munthu woti amukonzere chidindo, muuzeni kuti ndalamayo angokutumizirani mugulire feteleza, chifukwa chidindo chabodza ndi mlandu wina woonjezera pa umene ali nawo kale.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ofesiyi imathandizadi, ndiyo ya pasipoti yotayika. Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, ankakhala m'kanyumba ka malata kunja kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo usiku wina wa m'nyengo yozizira moto unabuka kwa mnansi wake n'kupsereza nyumba zonse za mzere umenewo. Iye anatuluka ndi bulangete ndi foni yokha. Pasipoti, imene ankaisunga pansi pa matiresi, inapsa. Atatiyimbira, tinamufunsa nambala yake, koma sanaikumbuke. Chimene chinamupulumutsa ndi mayi ake, amene tsiku lisanafike loti anyamuke anaumirira kuti akachite fotokope tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi lija pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, ndipo pepalalo analipinda n'kulisunga m'Baibulo lawo. Tinalijambula pa foni n'kumutumizira pa WhatsApp, m'mphepete muli mothimbirira, koma nambala ikuwerengeka bwinobwino.

Dongosolo lake ndi lotere. Munthu amayamba wapita ku polisi ya dera limene akukhala kukanena kuti pasipoti yatayika, yabedwa kapena yapsa, ndipo amatengako kalata yolumbira yokhala ndi chidindo. Ndi kalata imeneyo amapita yekha ku ofesi ya kazembe, atatenga chitupa cha unzika, fotokope ya pasipoti yotayikayo, zithunzi zazing'ono ndi ndalama zolipirira. Akuluakulu a kumeneko ayenera kutsimikiza kuti munthuyo ndi Mmalawi, motero asadabwe akamufunsa mudzi wake, mfumu yaikulu ya kwawo ndi boma limene amachokera. Wochokera kwa Maganga kapena kwa Ndindi anene momwemo, asasinthe dzina kapena chaka chobadwa, chifukwa chilichonse chosiyana ndi zolembedwa kale chimachedwetsa zinthu.

Ngati munthuyo akufuna kubwerera kumudzi msanga, ofesi imapereka chiphaso chapadera cha ulendo umodzi wopita kwathu. Ndibwereze, ndi cha ulendo wobwerera kumudzi, si chokhalira ku Joni kapena chofunira ntchito. Ndi chiphaso chimenecho mphwanga uja anadutsa pa zipata za malire a Zimbabwe za Beitbridge ndi Nyamapanda, n'kudzalowera pa chipata cha Dedza. Pasipoti yatsopano ndi nkhani ina, yofuna kudekha, chifukwa eni ake ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno. Wanzeru amayamba kukonza yatsopano kutatsala miyezi ingapo kuti yakale ithe. Mtengo afunse kwa eni ofesi, alipire pa malo amene auzidwa, ndipo atenge lisiti. Madobadoba amene timawadziwa kuno aliponso kumeneko, ndipo amayankhula Chichewa chokoma, mpaka kukutchulani achimwene.

Wina wafunsa za mwana wake amene wamangidwa. Pangano la mayiko la ku Vienna la chaka cha 1963 limapereka ufulu kwa mlendo amene wamangidwa wopempha kuti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe, ndipo apolisi ayenera kumuuza za ufulu umenewu. Kazembe angathe kumuyendera ndi kuthandiza kuti abale adziwe kumene ali, koma sangamutulutse m'chitokosi kapena kuletsa mlandu. Amene akuyembekezera kubwezedwa kwawo amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, ndipo kumenekonso zinthu zimafulumira pamene pali umboni woti munthuyo ndi Mmalawi.

Nkhani yolemera kuposa zonse ndi ya maliro, ndipo ndipempha mundikhululukire poitchula. Chovuta chikagwa ku Joni, thupi silingawoloke malire popanda kalata ya imfa, kalata yotsimikiza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, ndi chilolezo cha azaumoyo a dzikolo. Ofesi ya kazembe imathandiza pa mapepala otsimikiza kuti malemuwo anali Mmalawi, koma bokosi ndi galimoto amalipira ndi abale kapena gulu la zamaliro limene malemuwo ankasonkhako. Tinaonapo anthu akugona pa siwa masiku ambiri, nkhuni zitatha, chifukwa choti womwalirayo ankadziwika ndi dzina lina kumeneko, losiyana ndi la pa mapepala ake. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mwana akafika, alowe gulu la Amalawi anzake ndipo alembetse ndi dzina lenileni la pa pasipoti.

Za ana obadwira kunja ndinene mwachidule. Kubadwira ku South Africa pakokha sikumupatsa mwana wa alendo unzika wa dzikolo, choncho makolo asunge kadi la kuchipatala ndi kalata ya kubadwa, ndipo apite nazo ku ofesi ya kazembe mwanayo akadali wamng'ono, asadikire tsiku la ulendo.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akukonzekera kukwera basi mwezi uno, mawa mupite naye pa Kamuzu Road mukachite mafotokope awiriawiri a pasipoti ndi chitupa cha unzika. Ena atenge, awaike m'chikwama chosiyana ndi cha pasipoti, ndipo ena atsale ndi inu. Kumbuyo kwa pepala lanulo mulembe dera limene akukakhala ndi nambala ya munthu mmodzi amene akukamulandira. Amene ana awo anapita kale, muwayimbire usiku uno kuti ajambule tsamba lija akutumizireni.