Ana aakazi atatu a Hemani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Kuno ku Mangochi kwacha ndi mwera, nyanja yalusa moti asodzi ambiri sanalowe usiku wathawu.

Lero tiwerenge 1 Mbiri 25:5-7. Chaputala chimenechi ambirife timangochidumpha poti ndi mayina okhaokha, inenso ndinkatero. Koma muli munthu wina dzina lake Hemani, woimba wa nthawi ya mfumu Davide. Mulungu anamupatsa ana aamuna 14 ndi aakazi 3, ndipo onsewa ankaimba m'nyumba ya Yehova ndi azeze ndi zoimbira zina, wowatsogolera ali bambo awo omwewo. Oimba onse ophunzira bwino analipo 288. Anyamata 14 aja mayina awo ali pa vesi 4, atsikanawo angoti atatu basi, koma sanawasiye, anawawerenga.

Nde chomwe chandigwira mtima ndi ichi. Mukabwerera pa 1 Mbiri 6:33 mupeza kuti Hemaniyu anali mwana wa Yoweli, mdzukulu wa Samueli. Yoweli yemwe uja wa pa 1 Samueli 8, woweruza wa ku Beereseba amene ankalandira ziphuphu ndi m'bale wake Abiya mpaka akuluakulu a Israeli anatopa nkunena kuti bola atipatse mfumu. Munthu wotuluka m'nyumba ya mbiri yonunkha choncho, iye yake anaidzaza ndi nyimbo.

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu kunaimba bambo wina ndi mwana wawo wamkazi, awiri okha, popanda kiyibodi poti magetsi anali atazima. Mwanayu ndamuona akukwawa, tinkakhala moyandikana kufupi ndi doko. Bambowa ndi osoka maukonde, ndipo bambo awo a iwowo anali chidakwa chodziwika mudzi wonse, nyimbo zomwe anakula akumva ndi za pa kachasu. Koma iwo mmawa uliwonse, azana ikangotha kumzikiti, ankakhala pansi pa mtengo wa mango ukonde uli pamiyendo nkumaimba chapansipansi nyimbo za m'buku, kamtsikana kali pambali kakumata nyumba zamchenga ngati sikakumva. Tsiku lina kali ndi zaka mwina 5 kanangolowa pakolasi, mawu ena kakuphonya. Bambo aja sanakaseke, anangoti "bwereza mwanawe, usathamange," nkutsitsa besi yawo kuti kamveke. Kenako anakapangira gitala yachigubu ya nsambo zitatu, nde madzulo aliwonse tinkangomva "ababa tiyambirenso."

Anthu analankhula ndithu, kuti mwana wamkazi azikhala kumoto ndi mayi ake osati kumangoti pepepe ndi bambo, ena amvekere kuimba sikudyetsa munthu. Panali miyezi ina nsomba zitasowa, maukonde osoka kulibe, nyumba imeneyo ankagonera phala, komabe mmawa nyimbo inkamveka. Ine mboni, khoma lathu linali limodzi.

Lamulungu lija atafika vesi yomaliza mawu a bambo aja anagwa, ukalamba, mtsikana uja anangotsitsa ake nkuwadikira mpaka anamalizira limodzi. Misozi inangotsika ine.

Azibambo muli mugulu muno, kaya mukukankha kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi, kaya mukuyanika usipa pathandala ku Makawa, mwana wanu wamkazi mmawa uno wamva chani pakamwa panu? Ena tingati ife sitinaleredwe choncho, zoona, Hemani nayenso bambo ake anali Yoweli.

Tipemphere. Atate, tikuika m'manja mwanu ana athu aakazi, ngakhale amene mayina awo sadziwika kulikonse. Ikani nyimbo pakamwa pa makolo awo. Kumbukiraninso asodzi amene sanagwire kanthu chifukwa cha mwerawu, mabanja awo adye lero. M'dzina la Yesu, Amen.