Petulo akamasefukira mu kabureta ya galimoto yakale

Moni nonse amene mukumvera. Lero tili pa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ya galimoto zakale zija, ma Morris Minor, ma Mini, ma MGB ndi zinzake za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo vuto lathu ndi petulo wosefukira. Mukatsegula boneti fungo la petulo likukulandirani, pa kapaipi kotayira pakudontha, ku ekizozi kukutuluka utsi wakuda, mapulagi anyowa ndipo ada bii ngati mwaye. Zikatero, zimitsani injini pompo. Pa injini zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo kabureta imakhala pamwamba penipeni pa manifodi ya ekizozi, ndiye dontho lililonse likugwera pa chitsulo chamoto. Dikirani izizire, chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi, ndipo masulani waya wa batire amene wamangidwa ku bodi ya galimoto. Muyang'ane bwino, chifukwa pa galimoto zina zakale waya wa ku bodi ndi wa positive.

Tsopano tamverani apa. Musakhudze nati kapena sikulu yosinthira kuchuluka kwa petulo ndi mpweya. Ambiri amathamangira kumeneko, nasokoneza chinthu chimene chinali bwinobwino. Kusefukira kumachokera mu kachikho kosungira petulo ka pa kabureta. Kachikho kameneka kamagwira ntchito ngati thanki ya chimbudzi cha madzi: petulo akamadzaza, fuloti imayandama n'kukwera, ikakwera imakankha kasingano, kasinganoko n'kutseka kabowo kolowera petulo, kamene amakaniko amati siti. Chotseka petulo ndi chokhacho basi. Ndiye funso ndi limodzi: n'chiyani chikuletsa kasingano kutseka?

Kawirikawiri ndi kachitsotso. Kanyenyeswa ka dzimbiri kochepa ngati mchenga kakakhala pa siti, petulo amadutsa. Yambani ndi zosavuta. Gogodani pambali pa kachikho ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, pang'onopang'ono, osati ndi hamala, chitsulo chake n'chosachedwa kusweka. Zikakanika, pukutani petulo yense wotayika, bwezerani batire, tsekani petulo asafike ku kabureta, kaya pofinya paipi ya labala ndi kilampu kapena pochotsa waya wa pampu ngati ndi yamagetsi. Lizani injini mpaka izime yokha. Apo kachikho kauma, fuloti yatsika, kasingano katseguka konse. Mukatsegulanso petulo amalowa ndi mphamvu n'kukokolola kachitsotso kaja. Zikatheka, musasangalale msanga. Chitsotso chinachokera kwinakwake, ndipo anzake ali m'njira. Ikani fyuluta yatsopano, suzumirani mu thanki ngati muli dzimbiri, kenako yang'anani paipi ya labala imene ili pakati pa fyuluta ndi kabureta. Imeneyi anthu amaiwala. Petulo wosakaniza ndi ethanol, monga wa E10, amadya labala wakale mkati, tizidutswa n'kumathothoka kutsogolo kwa fyuluta kumene kulibenso chotisefa.

Ngati kusefukira kukupitirira, masulani chivundikiro cha kachikho. Pa kabureta ya kampani ya SU, ya mtundu wa HS, ndi masikulu atatu okha. Tembenuzani chivundikirocho chikhale chagada kuti fuloti itsamire kasingano ndi kulemera kwake kokha. Lumikizani kapaipi koyera polowera petulo, muuzire ndi pakamwa. Mpweya usadutse. Mukatukula fuloti pang'ono, udutse. Ngati ukudutsa fuloti ili pansi, sololani kapini kamene kamagwira fuloti, tulutsani kasingano, muyang'ane nsonga yake powala. Mukaona kamzere kozungulira, kapena chikhadabo chikamakodwa mukachiyendetsa pansongapo, kasinganoko katha. Sinthani kasingano ndi siti pamodzi, osati chimodzi chokha, chifukwa zinaperesana limodzi. Kasingano kokhala ndi nsonga ya labala wolimba wotchedwa Viton kamatseka bwino kuposa kachitsulo kokhakokha. Ndipo musanaimbe mlandu kasingano, gwirani siti ija ndi sipanala muone ngati yamangika. Siti yolobodoka, kapena washala wosweka pansi pake, zimalola petulo kuzembera m'mazinga, kasingano kali chitsekere.

Tibwere pa fuloti. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva khuchukhuchu mkati, yabooka ndipo yamwa petulo, motero yalemera, siyingakwere mokwanira. Nthawi zina simumva kanthu koma bowo lilipo. Iviikeni m'madzi otentha, osati owira, muipanikize kuti imire. Mpweya wa mkati ukatenthedwa umafuna potulukira, ndiye muona tithovu tikutuluka motsatizana pamene pali bowo, makamaka pamsoko ngati fuloti ndi ya bulasi. Ena amamata ndi mtovu. Zimatheka, komabe mtovu umawonjezera kulemera, ndipo fuloti imene muli petulo mkati simuyandikitsa moto. Yatsopano ndiyo nzeru. Onaninso kapini kaja ndi mabowo ake ngati zapereseka, komanso gasiketi ngati yalowerera mkati n'kumakhula fuloti. Gasiketi yodulidwa molakwika imagwira fuloti ngati dzanja.

Zonsezi zikakhala bwino, yezani msinkhu wa fuloti, ndipo pano pamafunika manambala, osati kungoyerekeza ndi maso. Pa SU ya mtundu wa H, ija ya fuloti ya bulasi ndi kachitsulo ka mphanda, tengani kandodo kozungulira ka mamilimita 11, kaloweni pakati pa milomo ya chivundikiro ndi popindika pa mphandayo. Mphanda ikhudze kandodo pa nthawi yomweyo imene kasingano katseka. Popinda, pindani pamene mphanda ikukumana ndi gawo lowongoka, gawo lowongokalo likhale chiwongokere. Pa mtundu wa HS wa fuloti ya pulasitiki yokhala ndi kamkono kachitsulo, mpata wa pakati pa kamkonoko ndi milomo ya chivundikiro ndi mamilimita 3.2 mpaka 4.8, ndipo biti ya dirilo ndiyo choyezera chabwino. Fuloti ya pulasitiki yokhayokha simupinda ayi, mumasintha msinkhu ndi mawashala pansi pa siti. Kabureta za makampani ena, Weber, Solex, Zenith, iliyonse ili ndi muyeso wake m'buku la galimotoyo, ndipo muwerenge ngati akuyeza gasiketi ili pomwepo kapena yachotsedwa. Kusiyana kwake n'kochepa koma kumakwana kusefukiritsa.

Nanga ngati kasingano n'katsopano, fuloti ndi yabwino, msinkhu uli m'malo, koma petulo akutayikabe? Pitani ku pampu. Kasingano kamatseka ndi mphamvu ya fuloti yoyandama, mphamvu yochepa kwambiri, ndiye pampu ikakankha mopyola imakatsegula. Ikani geji yoyeza mphamvu ya pampu, imene amaiwerenga m'ma psi, pa paipi pafupi ndi kabureta. SU imafuna pakati pa psi 1.5 ndi 3, Weber chapafupi ndi 3, pamene kabureta ya Holley ya pa injini zazikulu za ku America imalandira 5 mpaka 7. Pampu ya galimoto zamakono za injekishoni imapyola 40, imeneyo isayandikire n'komwe. Vutoli limabwera kwambiri wina akasintha pampu yoyambirira n'kuika yamagetsi ina iliyonse. Mankhwala ake ndi pampu yoyenera kapena regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya pampu.

Chomaliza pa kachikho ndi popumira. Kapaipi kotayira kaja ndi komwenso kachikho kamapumira. Kakatsekeka ndi dothi, kapena kakapindika, mpweya umasowa kothawira, petulo n'kumakankhidwira ku jeti, kabowo kotulutsira petulo, mpaka kukhosi kwa kabureta, kunja kuli gwaa. Uzirani mpweya muone ngati kali pululu. Kusefukira kumene kumangochitika mphindi zochepa mutazimitsa injini yotentha ndi nkhani ina, ndi petulo kuwira mu kachikho. Pamenepo onani ngati chitsulo chotchinga kutentha ndi chipika cha pakati pa kabureta ndi manifodi zilipo.

Musanalize injini, sololani kachitsulo koyezera oyilo mununkhize. Oyilo akamanunkha petulo, kapena akakwera kupyola mzere wake, mukhuthuleni, musinthe ndi fyuluta yomwe, chifukwa oyilo wosukuluka amapha mabeyaring'i. Dziwaninso kuti pampu ya pa injini ikang'ambika chikopa chake cha mkati imathiranso petulo mu oyilo, kabureta ili yosalakwa. Ngati petulo analowa wambiri m'masilinda, chotsani mapulagi, masulani waya waung'ono wa ku koyilo kuti pasathetheke moto, zungulizani injini ndi sitata kuti amulavule. Umitsani mapulagi, bwezerani. Poliza, choki musakoke, pondani akiseleta mpaka pansi osapopa, sitata masekondi 10 kenako mupumitse.

Amene muli ndi pampu yamagetsi ya SU, khutu likuthandizani. Tembenuzani kiyi osaliza injini. Pampu imveka thi thi thi mofulumira podzaza kachikho, kenako ichedwe mpaka kukhala chete, mwina kugunda kamodzi patalipatali. Ikamangogundabe osalekeza, petulo akupita kwinakwake. Zimitsani kiyi, tengani tochi, yang'anani pa kapaipi kotayira ndi kukhosi kwa kabureta.